Miyezi Isanu Imene Ndinam'bera Mlamu Wanga

1

Dzina langa ndine Kefasi. Ndimakhala kufupi ndi Kachebere kuno ku Mchinji, kumene munthu ukakwera pa chulu umaona madenga a ku Zambia. Ndimalima tomato ndi anyezi, ndipo kwa zaka khumi ndi ziwiri ndinakhala mkulu wa mpingo. Anthu akasemphana mawu m'mudzi muno amati, "Tiyeni kwa a Kefasi, aja sanama." Masiku ano ndikamva zimenezi ndimangolowa m'nyumba.

Mng'ono wanga Maliko anamwalira mu Juni chaka cha 2022. Thiraki inamugunda pa msewu wopita ku bodala, ali pa njinga, atanyamula thumba la mtedza. Anasiya Luwiza ndi mwana wamkazi, Alinafe. Sindinalembe kuti anasiya mkazi, chifukwa boma linagamula kuti Luwiza sanali mkazi wake, ndipo linagamula motero litamva mawu anga.

Luwiza kwawo ndi kutsidya kwa malire, cha ku Mwami. Anthu a m'mudzi mwathu anamuona koyamba mu Seputembala chaka cha 2017, nthawi yofesa nazale ya fodya. Maliko anabwera naye kuchokera ku esiteti ina ya ku Kapondo, kumene ankalondera zigafa. Anafika ali ndi pakati poonekera kale. Anamanga nyumba pa malo a malemu mayi athu, nayamba kulima fodya wawo.

Chinkhoswe sichinachitike. Nkhoswe wa Maliko ndinayenera kukhala ine, pokhala mkulu wake. Chaka chilichonse ankabwera kwathu, chipewa chili m'manja.

"Achimwene, kwa amalume ake a Luwiza tidzapita liti? Tambala ndasunga uja wayamba kukalamba."

"Tikakolola, Maliko. Tikangokolola."

Tinakolola kasanu. Sitinapite.

2

Tsiku la maliro, bokosi lili m'nyumba, Luwiza anakhala kumutu monga achitira namfedwa. Analowa achemwali athu a Esitele, amene ndi oyamba kubadwa m'banja mwathu, nayima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Iwe, tuluka. Kakhale panja ndi amayi enawo."

"Alamu, ni mwamuna wanga wagona apa," anayankha Luwiza m'kayankhulidwe ka kwawo.

"Mwamuna wako? Nkhuku yake tinadyera kuti? Nkhoswe wako ndani? Wolowana nayenso azikhala kumutu kwa maliro?"

Amayi a chigwirizano anasiya nyimbo pakati. Onse anayang'ana ine, poti mwini mbumba ndine. Ine ndinayang'ana pansi. Mkazi wanga Dyna ndiye anadzuka, nagwira Luwiza pa mkono, n'kukakhala naye pansi pa mtengo wa mango. Maliro onse anawalirira pamenepo ngati mlendo.

Patapita mwezi akuluakulu anakumana kuti amalize za maliro. Kwathu kuno mwamuna akamwalira, abale ake amamusudzula mkazi, kutanthauza kumumasula pamaso pa anthu kuti ukwati watha bwino, apite ndi mtendere, ndipo wapitayo agone. Luwiza anagwada pamaso pathu.

"Ngati simunifuna pano, nisudzuleni chabe. Koma nikanakonda kukhala. Nyumba iyi tinaumba njerwa tili awiri. Manda ake ali apa."

Amalume athu a Jailosi anapukusa mutu. "Mwana wanga, timasula chimene tinamanga. Iwe tinakumanga liti?"

A Esitele anali kale ndi maganizo awo pa nyumbayo. Mwana wawo wamkazi anali pafupi kukwatiwa, ndipo mkamwini anafunika pogona. Anamuuza Luwiza kuti mvula isanagwe akhale atachoka.

3

Tsiku lina masana ndili ku dimba, ndikuthirira anyezi, ndinaona chithunzithunzi cha munthu pa madzi a m'chitsime. Anali Luwiza, mpango wakuda uli kumutu.

"Alamu, ninapita ku boma."

"Kukatani?"

Anandifotokozera. Ku ofesi yoona za amayi ndi ana anakumana ndi mayi wina, a Gladys. Iwo anamuuza kuti lamulo la masiku ano limaona ngakhale anthu olowana. Mwamuna ndi mkazi akakhala nyumba imodzi, anthu n'kumawadziwa ngati banja, khoti likhoza kunena kuti umenewo unali ukwati, ngakhale popanda nkhoswe kapena mbusa. Likanena choncho, palibe angamuthamangitse ngati galu. Koma zaka zikwane zisanu.

"Ndiye vuto palibe," ndinatero. "Fodya munalima kasanu."

"Nane n'nakamba tero. Ananiseka. Akuti boma siliwerenga fodya, liwerenga kalendala. Kuchokera Seputembala uja kufika tsiku la ngozi, ipelewera miyezi itatu."

Ndinamiza kheni m'chitsime ngakhale inali yodzaza kale.

"Alamu, imwe mudziwa kuti sitinayambe mu Seputembala."

Ndinawerama n'kupitiriza kuthirira.

"Anthu a ku esiteti kuja anabalalika, esiteti inagulitsidwa. Ena ali ku Mulanje, ena ku Zomba, sinidziwa na midzi yao. Mwatsala imwe mweka." Anatsitsa mawu. "Sinizakutchulani. N'nalonjeza Maliko, ndipo sinizaphwanya. Koma akakufunsani, kambani chabe mwezi. Epulo. Basi. Zina zonse siyani."

"Ndamva, mlamu."

"Mwamva, kapena mwavomera?"

"Ndamva."

Anaima pang'ono, kenaka anabwerera. Anyezi a bedi limenelo ndinawathirira mpaka anagona m'matope.

4

Mlandu unalowa mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Chipinda cha khoti chinali chaching'ono, mabenchi asanu ndi limodzi. Woweruza anali bambo wa magalasi, woyankhula mofatsa, wochokera chigawo cha kumpoto. A Esitele anabwera ndi amayi anayi a m'mudzi. Luwiza anabwera ndi a Gladys. Dyna anakhala pambuyo penipeni, Alinafe ali pa miyendo pake.

Woweruza anafunsa zambiri. Kodi ankadya mbale imodzi? Kodi m'mudzi ankawatchula bwanji? Ngakhale mboni za a Esitele zinavomera kuti aliyense ankati "akazi a Maliko." Mayi wina anaiwala mbali imene anabwerera, n'kuyamba kufotokoza mmene Maliko ankamutengera Luwiza pa njinga kupita ku sikelo, mpaka a Esitele anamutsina.

"Zonsezi ndazimva, ndipo zikundikhutiritsa," anatero woweruza. "Chatsala ndi nthawi. Mayi, munayamba liti kukhala ndi malemuwa?"

"Mu Epulo, bwana, 2017. Ku esiteti ku Kapondo, nthawi yosankha fodya."

"Bodza!" anakuwa a Esitele. "Tonse tinamuona mu Seputembala!"

"Mayi, muno si pa mjigo. Dikirani nthawi yanu." Anatembenukiranso kwa Luwiza. "Muli ndi pepala lililonse? Chiphaso cha pa bodala chodindidwa tsiku limene munalowa?"

"N'nabwera njira ya m'minda, bwana. Kwathu na kuno ni mtunda wa wilibala."

Anthu anaseka. Woweruza sanaseke.

"Alipo amene anakuonani ku esitetiko?"

"Alipo."

"Ndani?"

A Gladys anamunong'oneza Luwiza, iye anangopukusa mutu. Sanandiyang'ane n'komwe. Akanandiyang'ana mwina zikanandipepukira.

Kenaka woweruza anaitana ine, monga mkulu wa malemu. Ndinagwira Baibulo ndi dzanja lomwe ndimagawira mgonero.

"Bambo Kefasi, ndamva kuti ndinu munthu wodalirika. Mng'ono wanu munkamuyendera ku esiteti?"

"Mwa apo ndi apo, bwana."

"Mayi awa munawaonako kumeneko miyezi ya Epulo, Meyi, Juni?"

Ndinaona a Jailosi. Ndinaona amayi a mpingo wathu. Ndinaona Dyna, ndi mwana pa miyendo pake. Mumtima ndinati, ndikanena Epulo andifunsa kuti ndikudziwa bwanji tsiku lake, ndipo funso limabala linzake.

"Ayi, bwana. Ndinawaona koyamba nthawi ya nazale, pamodzi ndi anthu onse."

Woweruza analemba nthawi yaitali. Atamaliza anavula magalasi.

"Mayi, mtima wanga ukundiuza kuti munali banja. Koma lamulo landipatsa muyezo, ndipo umboni umene uli pamaso panga ukupereka zaka zinayi ndi miyezi isanu ndi inayi. Sindingathe kunena kuti unali ukwati."

Luwiza anawerama mwaulemu, natenga mwana kwa Dyna, n'kutuluka. Pakhomo anadutsa pafupi nane mpaka chitenje chake chinandikhudza bondo.

5

Luwiza anachoka Loweruka m'mawa, mtolo pamutu, Alinafe akumutsata pambuyo ndi kaketulo m'manja. Anayamba wapita ku manda, anthu akuona, ngakhale kuti mkazi sapitako yekha. Palibe anamuletsa. Kenaka analowa njira ya m'minda.

Mvula yoyamba itagwa, manda a Maliko anatitimira. Zimachitika, dothi likakhala latsopano. Tinapita ndi makasu kukaundira. Patangotha milungu iwiri anatitimiranso, pamene manda a mayi wina amene tinamuika pambuyo pake anali chiimire. Tinaundanso. Kachitatu a Jailosi anandiitanira pambali.

"Mphwanga, munthu uyu sanagone. Kodi pali chimene anasiya m'manja mwako?"

"Palibe, amalume."

"Chabwino. Koma dothi silinama."

Dimba la Maliko linagundana ndi langa. Linakhala losalimidwa chaka chimenecho, udzu mpaka m'chiuno. Koma masana, dzuwa lili pamutu, anthu onse atapita kukapuma, ndinkamva khasu likugunda kumeneko. Kugunda katatu, n'kupuma, monga ankalimira iye chifukwa cha phewa lake lovulala. Ndikaimirira, zii. Ndikawerama, layambanso. Sindikunena kuti unali mzimu. Ine ndine mkhristu. Ndikungonena zimene makutu anga ankamva.

Ndinasiya kupita ku dimba masana. Kenaka ndinasiyiratu. Tomato anapsa ndi chiwawu ndili khale pakhonde. Ku tchalitchi akandipatsa kuti ndipemphere, mawu ankandithera pakati. Ndinaonda mpaka lamba ndinaboola mabowo awiri atsopano. Ku chipatala anandiyeza zonse, sanapeze kanthu.

Chinatha chaka ndi miyezi.

6

Tsiku lina Dyna ankasenda chinangwa kuseri kwa nyumba. Ndinakoka mpando n'kukhala pafupi naye.

"Amayi, ndili ndi mawu."

"Nenani." Sanasiye kusenda.

Ndinamuuza zonse, monga ndikukuuzirani inu tsopano.

Chaka cha 2016 ndinkapita ndi tomato ku Mwami pa njinga, kawiri pa mlungu. Luwiza ankaphika mu kalesitilanti kena pafupi ndi msika. Anali mwana wamasiye, woleredwa ndi amalume ake. Ndinamuuza kuti mkazi wanga anamwalira. Inde, Dyna, ndinakuika m'manda ndi pakamwa panga kuti ndipeze mbale ya nyemba ndi kumwetulira. Mu Epulo chaka cha 2017 anandiuza kuti ali ndi pakati pa miyezi iwiri, ndipo amalume ake akadziwa amuthamangitsa. Apo m'pamene ndinaulula kuti ndili ndi mkazi ndi ana anayi, ndiponso udindo ku mpingo.

Ndinamukweza pa njinga, osadziwa kopita naye. Ndinakafika ku Kapondo, kwa Maliko, amene ankakhala yekha m'kanyumba kuseri kwa zigafa. Ndinati, "Mng'ono wanga, ndisungire munthu uyu milungu iwiri, ndipeze nzeru." Linali tsiku lachiwiri pambuyo pa Pasaka.

Milungu iwiri inakhala mwezi. Nditapitako mu Meyi ndinapeza Maliko wamanga kakhitchini, wagula mphasa yatsopano. Anandiperekeza mpaka pa msewu, n'kuima.

"Achimwene, nzeru ija musaifunenso. Munthu uyu ndamukonda, nayenso wavomera. Takhala kale ngati banja. Mwana akabadwa ndi wanga. Sindidzakutchulani, iyenso sadzakutchulani. Ndikupemphani chinthu chimodzi chokha: mudzakhale nkhoswe wanga."

Ndinavomera. Koma kupita ku chinkhoswe kunatanthauza kukakhala pamphasa maso ndi maso ndi amalume ake a Luwiza, amene ankandidziwa bwino ngati "wa tomato uja wofedwa mkazi." N'chifukwa chake tinkangokolola.

Nditamaliza, Dyna anaika mpeni m'beseni.

"Mwatha?"

"Ndatha."

"Ndinadziwa tsiku limene ndinamusambitsa mwana uja ali wakhanda. Zala zake za kuphazi, ziwiri zogwirana zija. Maliko analibe. Ana anga onse anayi ali nazo."

Ndinasowa poyang'ana.

"Ndinakhala nazo zaka zisanu, bambo. Ndinalira ndekha ku chitsime mpaka zinandithera. Tsiku la khoti lija ndinavala chitenje changa chabwino chifukwa ndinkadziwa kuti ndikukachita manyazi pamaso pa anthu, ndipo ndinati ndichite manyaziwo nditatchena. Ndinakonzeka. Ndinkangodikira kuti mutsegule pakamwa." Anatolanso mpeni. "Musadzanene kuti munanama pofuna kunditeteza ine. Sindinakutumeni."

7

Lolemba lotsatira ndinapita ku khoti. Kalaliki anandimvetsera mpaka kumapeto, akutembenuza cholembera m'manja.

"Bambo, mukudziwa kuti kunama mutalumbira ndi mlandu?"

"Ndikudziwa."

"Chabwino. Koma nkhani iyi si yanu. Mwini wake ndi mayi aja. Akafuna kuti iunikidwenso abwere okha, ndipo inu mudzayenera kufotokoza pamaso pa onse chifukwa chimene munanamira. Chifukwa chenicheni, osati chokometsera."

Ndinadutsa pa bodala ndi chiphaso, njira yoongoka, koyamba m'moyo wanga. Luwiza ndinamupeza kumudzi kwa amalume ake, amene anali atamwalira chaka chomwecho. Ankakhala m'kanyumba ka udzu kumapeto kwa mudzi, akuphwanya miyala yogulitsa kwa omanga. Manja ake anali oyera ndi fumbi.

Alinafe ndiye anayamba kundiona. Anathamanga n'kundikumbatira miyendo.

"Atate aakulu! Mwabwera kutitenga? Tipita kunyumba kwa adadi?"

Luwiza anamutuma kukatunga madzi. Anandipatsa mpando, iye n'kukhala pa mwala. Ndinamuuza kuti ndaulula kwa Dyna, kuti ndapita ku khoti, kuti ndakonzeka kuima n'kunena zonse, ngakhale andimange.

Anandimvetsera modekha, kenaka anafunsa, "Zonse?"

"Zonse, mlamu."

"Tsiku lija n'nakupemphani liwu limodzi. Epulo. Mukanakamba kuti n'napita kukaona mng'ono wanga, n'napeza mkazi pa nyumba, nani akanakufunsani zina? Mkulu saona mng'ono wake? Munaopa funso limene kunalibe." Anapukuta manja pa chitenje. "Lomba liwu limodzi silikwana. Lomba afuna mukambe chifukwa. Ndipo chifukwa chake ni uja wapita ku madzi."

"Koma nyumba ija ndi yanu. Dzina lija ndi lanu."

"Mwana uja akagona amapempherera adadi ake. Adziwa kuti anamunyamula pa phewa, anamugulira nsapato za pulasitiki zofiira. Ni chokhacho ali nacho. Boma linanilanda mwamuna. Mufuna lomba nipite nikamulanditse mwana atate ake, kuti imwe mugone tulo?"

"Nanga ndichite chiyani?"

"Palibe."

"Ndikhoza kubwera ndi a Jailosi, tidzakusudzuleni konkuno, mwakachetechete. Mukhale womasuka, mukwatiwe."

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano.

"Anabwera kale awiri kunifunsira. N'nawauza kuti nili pa ukwati. Pepala la boma likuti sin'nakwatiwepo, abale ake akuti sananimange. Lekani nikhale wake mwa ine nekha. Kumeneko kulibe woweruza."

Alinafe anabwera ndi madzi m'chikho, nagwada pondipatsa monga anamuphunzitsira mayi ake. Ndinamwa. Luwiza anatola hamala yake.

"Alamu, dzuwa lapita. Bodala atseka."

8

Udindo wa ku mpingo ndinautula. Ndinangoti thanzi lavuta, ndipo a mpingo anandipempherera. M'nyumba ya Maliko mukukhala mkamwini wa a Esitele, wapaka laimu ndi kusintha chitseko. Dyna amandiphikira, amandichapira, timayankhulana za mbewu ndi za ana. Dzina la Luwiza ndinalisintha polemba nkhaniyi, ndi ena onse, ndi mudzi sindinautchule, chifukwa chinsinsi chimenechi si changanso.

Inu amene mukuwerenga, mwina mukukhala ndi munthu popanda nkhoswe, popanda pepala, mukuti mudzakonza mukakolola. Dziwani kuti tsiku lina mlendo wa magalasi, amene sanamwepo madzi pakhomo panu, adzafunsidwa ngati munali banja, ndipo adzawerenga masiku amene ena avomera kuti anawaona. Musasiye masiku anu m'kamwa mwa munthu mmodzi, ngakhale akhale mbale wanu, ngakhale akhale wopemphera.

Ndipo inu amene mwasunga mwezi wa munthu wina, kapena tsiku lake, kapena liwu limodzi limene lingamuimiritse pamaso pa anthu, lankhulani pamene akukufunsani. Ine ndinkaganiza kuti choonadi chili ngati chimanga cha m'nkhokwe, choti ukachifuna upita kukatapa. Ndinapita nacho mochedwa, m'manja muli dzadza, ndipo mwini wake anandiuza kuti ndibwerere nacho.